Kodi ndilole makina azisankha woyenera kutenga katundu pa ngongole?

Funso: Ndili ndi holoselo, ndimapikulitsa katundu kwa eni mashopu ang'onoang'ono. Ambiri masiku ano amandilipira pa foni. Kampani ina yabwera kudzandikopa kuti ndilowe m'pulogalamu yake. Akuti makina awo a AI (makompyuta ophunzitsidwa kuganiza ndi kusankha ngati munthu) aziona mmene kasitomala aliyense amalipirira, azisankha woyenera kutenga katundu pa ngongole, komanso azindiuza katundu woti ndiode. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndi pakamwa chabe pa otsatsa malonda? Ndilowe?

Yankho: Mayi, zimene akuuzanizo n'zoona. Zikuchitika kale m'mayiko angapo a mu Africa, ku Asia ndi ku South America, ndipo alipo amalonda amene zawapindulira kwambiri. Ine sindikuletsani kulowa. Koma dziwani kaye chimene kampaniyo yadzera kwa inu. Ikufuna mbiri ya malonda anu ndi ya makasitomala anu: ndani amaoda chiyani, kangati, ndipo amalipira liti. Popanda mbiri imeneyo makina awo alibe chochita. Choncho musakhale pansi nawo ngati munthu wopempha thandizo. Muli ndi chinthu chimene iwo akuchisowa.

Vuto limene akuti athetsalo inu mumalidziwa kuposa iwo. Mwini shopu yaing'ono mpamba wake ndi wochepa. Katundu woyenda msanga amamuthera sabata isanathe, ogula amabwera n'kubwerera chimanjamanja, ndipo sangaode wina mpaka atatolera ndalama za katundu wotsalayo. Akapita ku banki amamufunsa chikole ndi mabuku a bizinesi, zomwe alibe. Mu 2017 bungwe la IFC, lomwe ndi nthambi ya World Bank, linawerengera kuti mabizinesi ang'onoang'ono olembetsedwa m'mayiko amene akutukuka kumene amaperewera ngongole yokwana madola 5.2 thiriliyoni a ku America chaka chilichonse. Mpata umenewu kwa nthawi yaitali akhala akutseka ndi anthu ngati inu, opikulitsa, pomuuza kasitomala kuti atenge adzalipire akagulitsa. Koma inu mungakongoze okhawo amene mumawadziwa nkhope ndi khalidwe, komanso mpaka pamene thumba lanu lingapirire.

Chimene chasintha zinthu ndi kulipira pa foni. Pamene kampani ya mafoni ya Safaricom inayambitsa M-Pesa ku Kenya mu Malichi 2007, anthu ankaiona ngati njira yotumizira ndalama kwa abale basi. Njira zina zotere zinatsatira: ku Bangladesh kunabwera bKash mu 2011, ku India UPI mu 2016, ku Brazil Pix mu Novembala 2020. Bungwe la GSMA, loimira makampani a mafoni, linalengeza kuti mu 2021 ndalama zodutsa m'maakaunti a pa foni padziko lonse zinapitirira madola 1 thiriliyoni kwa nthawi yoyamba. Ndalama ya m'manja ikachoka kwa wogula kupita kwa wogulitsa sisiya chizindikiro chilichonse. Ya pa foni imasiya tsiku, ola, kuchuluka kwake, wotumiza ndi wolandira. Munthu amene sanalembepo buku la bizinesi amapezeka kuti ali nalo, lolembedwa ndi foni yake iye osadziwa.

Apa ndifotokoze bwino mmene makinawo amagwirira ntchito, chifukwa anthu ambiri amawaopa mopitirira kapena kuwakhulupirira mopitirira. Akatswiri amatenga mbiri za anthu masauzande ambiri amene anakongolapo kale, ena anabweza, ena sanabweze. Amazilowetsa mu kompyuta kuti ifufuze zimene obweza amafanana ndi zimene osabweza amafanana. Mwina ipeza kuti wolandira ndalama pang'onopang'ono tsiku lililonse amabweza bwino kuposa wolandira zambiri kamodzi pa mwezi. Mwina ipeza kuti amene amaoda tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse sathawa ngongole, kapena kuti amene wayamba kuchepetsa oda yake milungu itatu yotsatizana ali pafupi kulephera. Kasitomala watsopano akabwera, kompyutayo imayerekeza mbiri yake ndi za anthu akalewo n'kumupatsa mapointi. Mapointi akakwera ngongole imatuluka, ndipo kawirikawiri amamuyambitsa ndi yochepa n'kumawonjezera akamabweza pa nthawi yake. Ngongole ya pa foni ya M-Shwari, yomwe Safaricom inayambitsa limodzi ndi Commercial Bank of Africa mu Novembala 2012, inkayang'ana mmene munthu amagwiritsira ntchito M-Pesa ndi mayunitsi a foni. Ku China, banki ya MYbank imadzitama kuti wabizinesi amalemba pempho kwa mphindi 3, yankho limabwera mu sekondi 1, ndipo palibe munthu aliyense amene wakhudzapo.

Onani kuti m'zonsezi makinawo samudziwa kasitomala wanu. Amangodziwa kuti mbiri yake ikufanana ndi ya anthu ena. Pa makasitomala ambirimbiri kuyerekeza kumeneku kumalondola kuposa mmene munthu mmodzi angathere, ndipo makina satopa, sakondera mbale, saopa kukana mnzawo. Koma pa munthu mmodzi amatha kuphonya kwambiri, ndipo akaphonya sadziwa kuti aphonya.

Tsopano pali kusiyana kumene ndikufuna muugwiritse, pakati pa ngongole ya ndalama yolowa m'foni ya munthu ndi ngongole ya katundu. Yoyambayo yavulaza anthu ambiri. Kafukufuku wa CGAP, bungwe lofufuza mmene anthu osauka angapezere thandizo la zachuma, amene anatuluka mu 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la okongola pa foni ku Kenya anachedwapo kubweza ndipo pafupifupi 12 peresenti analepheratu; ku Tanzania ochedwa anali 56 peresenti ndipo olephera 31 peresenti. Ngongole yobwera m'masekondi, pakati pa usiku, popanda wofunsa kuti ndi yachiyani, imathera pa zina. Makampani ena obwereketsa anafika pomaimbira foni abale ndi anzake a wokongola kuti amuchititse manyazi, mpaka Central Bank of Kenya inakhazikitsa malamulo mu 2022 oti obwereketsa pa foni azikhala ndi chiphaso, ndipo mu 2023 Google inaletsa mapulogalamu a ngongole kutenga manambala ndi zithunzi za m'foni ya munthu.

Ngongole ya katundu ndi ina. Ndalama sifika m'manja mwa mwini shopu. Imachoka kwa wobwereketsa kupita kwa wopikulitsa, mwini shopu amalandira makatoni, ndipo amabweza kuchokera pa zimene wagulitsa. Umu ndi mmene inapangidwira ngongole ya Jaza Duka, imene Unilever, Mastercard ndi banki ya KCB anayambitsa ku Kenya mu 2017, pogwiritsa ntchito mbiri ya maoda a shopu m'malo mwa chikole. Kampani yopikulitsa zakudya ya Twiga Foods nayo inayesa zofanana ndi zimenezi limodzi ndi kampani ya makompyuta ya IBM, pokongoza ogulitsa zakudya ku Kenya kwa masiku 4 kapena 8 basi. Ine ndimaikonda njira imeneyi, ndipo ndikuganiza kuti pa zonse zimene AI yabweretsa m'malonda ang'onoang'ono, iyi ndi imene ili ndi phindu looneka. Ngongole ndi yaifupi, yamangiriridwa ku katundu amene amagulitsika, ndipo mbiri imene makina akuwerenga ndi ya bizinesi yeniyeniyo, osati ya mmene munthu amachezera pa foni.

Komabe muwerengere makasitomala anu masamu, chifukwa ambiri sadzawerengera okha. Tiyerekeze kuti wobwereketsa akudula 2 peresenti pa sabata. Kumva kwake n'kochepa, koma pa chaka ndi 104 peresenti. Ngati katunduyo amatha m'masiku 5 ndipo phindu lake ndi 8 peresenti, mwini shopu watsala ndi 6 peresenti imene sakanaipeza shelefu ikanakhala yopanda kanthu, wapindula. Ngati katunduyo amakhala milungu 4 asanathe, chiwongoladzanja chadya phindu lonse, ndipo akachedwa n'kuwonjezeredwa chindapusa wayamba kudya mpamba. Ngongole yotereyi ndi ya katundu wothamanga yekha. Wopikulitsa amene amalola makasitomala ake kukongola katundu wogona, chifukwa choti oda yakula lero, akudzipha yekha: shopu ikagwa, wataya kasitomala wa zaka zambiri.

Funso lalikulu pa mgwirizano wanu ndi ili: kasitomala akalephera kubweza, amene aluze ndani? Pali makampani amene amakulipirani ndalama yonse katundu akangotuluka, ndipo ngongole imatsala pakati pa iwo ndi mwini shopu. Pamenepo inu mwapepukidwa, mpamba wanu sukugonanso kunja. Pali ena amene amangokupatsani mapointi, koma katundu ndi wanu ndipo chiopsezo ndi chanu. Ndipo pali ena, awa ndiwo ofunika kuwachenjerera, amene amakulipirani poyamba koma m'kati mwa chikalata analembamo kuti wokongola akathawa adzadula pa ndalama zanu. Kumeneko ndi kulola makina a munthu wina kusankha, inu n'kumalipira akalakwitsa. Musavomere zimenezo pokhapokha mutapatsidwa mphamvu yokana kasitomala amene makina amuvomereza. Funsaninso kuti wotolera ngongole adzakhala ndani ndipo adzalankhula bwanji. Mwini shopu akatukwanidwa pa foni chifukwa cha katundu wochokera kwa inu, sadzakwiyira kampani imene sanaionepo. Adzakwiyira inu.

Pali zinthu zimene makinawo saziona, ndipo apa ndi pamene nzeru zanu zimafunikabe. Saona malonda a ndalama za m'manja, pamene m'mayiko ambiri amenewa malonda ochuluka a m'shopu akadali a m'manja. Kasitomala wanu wokhulupirika amene amakonda kulipira ndalama zenizeni adzaoneka ngati wosauka, pamene wina wongozunguza ndalama pakati pa maakaunti ake kuti azioneka wotanganidwa adzaoneka ngati wolemera. Saona kuti foni imodzi akugwiritsa ntchito anthu atatu. Amayi ambiri a bizinesi amalandira ndalama pa nambala yolembetsedwa m'dzina la amuna awo kapena la mwana wawo, choncho mbiri yabwino imene akumanga ikupita kwa wina. Ndipo ngati kale amayi sankapatsidwa ngongole kawirikawiri, kompyuta yophunzira ku mbiri yakaleyo imatha kupitiriza tsankho lomwelo popanda aliyense kuilamula. Nkhani imeneyi imandipweteka mtima, chifukwa amene amavulala ndi omwewo amene njirayi inalonjeza kuwathandiza.

Saonanso chifukwa chimene munthu wasinthira khalidwe. Uganda inaika msonkho pa ndalama za pa foni mu 2018, Tanzania mu 2021, ndipo Ghana mu Meyi 2022 inayamba kudula 1.5 peresenti pa ndalama zotumizidwa, msonkho umene anautsitsa kenako n'kuuthetsa mu 2025. Msonkho wotere ukabwera anthu ambiri amabwerera ku ndalama za m'manja. Bizinesi ili bwinobwino, koma m'maso mwa kompyuta malonda agwa. Chimodzimodzi kukagwa chilala, madzi osefukira kapena ndalama ya dziko ikagwa mphamvu: mapointi a anthu onse amatsika nthawi imodzi, ndipo ngongole imatsekedwa pa nthawi imene mashopu akuifunitsitsa. Munthu amene wachita malonda ndi kasitomala zaka khumi amadziwa woyenera kumupirira. Makina amafunika kuuzidwa. Ndiye funsani ngati pali munthu weniweni amene mungamuimbire kuti aunikenso chigamulo, komanso ngati kasitomala wokanidwa amauzidwa chifukwa chake.

Za kulosera katundu woti muode, sinditalikitsa. Zimathandiza pa katundu woyenda tsiku ndi tsiku, makamaka wowonongeka msanga, ndipo zimachepetsa vuto lodziwika bwino m'malonda, loti ogula akawonjezera pang'ono, shopu imaoda mochulukirapo, holoselo mochulukanso, fakitale n'kupanga zosefukira, kenako onse n'kutsala ndi katundu wosagulika. Aliyense akamaona malonda enieni a m'shopu, kukokomeza kumeneku kumachepa. Koma kompyuta imawerenga zimene zinagulidwa, siwerenga anthu amene anafunsa chinthu n'kuchipeza chatha. Ikapanda kuuzidwa masiku amene katundu anasowa, idzaganiza kuti anthu samufuna ndipo idzakuuzani kuti muode wochepa. Komanso ngati kampani imene ikukulangizaniyo nayonso imagulitsa katundu, malangizo ake muziwamva ngati a wogulitsa.

Mfundo imeneyi ikutifikitsa pa chinthu chimene chikukhudza inu makamaka ngati wopikulitsa. M'zaka zapitazi kwabuka makampani monga Twiga ndi Wasoko kum'mawa kwa Africa, MaxAB ku Egypt, TradeDepot ku Nigeria ndi Udaan ku India, amene mwini shopu amaoda pa foni katundu n'kumufikira pakhomo. Ntchito imene akugwirayo ndi yanu. Chimene kampani yotere imachisowa poyamba ndi mndandanda wa mashopu, zimene amaoda ndi mmene amalipirira, ndipo zonsezi mungazipereke nokha mwaulere pongosayina. Sindikunena kuti kampani imene yabwera kwa inuyo ili ndi maganizo amenewo. Ndikunena kuti chikalata chinene momveka kuti mbiri ya makasitomala anu sidzagwiritsidwa ntchito powagulitsa katundu mwachindunji, sidzagulitsidwa kwa wina, ndipo inu mungaitenge yonse tsiku limene mwafuna kuchoka. Mayiko ambiri tsopano ali ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga limene Kenya inakhazikitsa mu 2019, ndipo pansi pa malamulo otere simungangopereka mbiri ya kasitomala iye asanavomere. Muwauze makasitomala anu, ndipo amene sakufuna musamukakamize.

Muganizirenso zoti kampaniyo ikhoza kugwa. Mu 2024 Copia Global, yomwe inkafikitsa katundu kwa anthu a kumidzi ku Kenya, inalephera kupeza ndalama zopitirizira ntchito ndipo inaikidwa m'manja mwa oyang'anira makampani ogwa. Chaka chomwecho kampani ya MarketForce inatseka RejaReja, pulogalamu yake imene mashopu ankaoderapo katundu, ndipo Wasoko ndi MaxAB anaphatikizana n'kukhala kampani imodzi. Makampani amenewa anali ndi akatswiri a kompyuta abwino komanso ndalama zambiri za ogula masheya akunja. Chinawavuta ndi chimene chimakuvutani inu: phindu pa katundu wa tsiku ndi tsiku ndi lochepa, mafuta ndi okwera, misewu ndi yoipa, ndipo kufikitsa makatoni awiri ku shopu yakutali kumadya zambiri. Kompyuta ingakonze njira yachidule yoti galimoto idutse, koma singakwirire maenje a mumsewu. Ngati maoda anu onse, ngongole zonse ndi manambala onse a makasitomala zili m'pulogalamu ya kampani imodzi, tsiku limene idzatseke mudzayamba pa chiyambi.

Pa zakuba, AI imathandizadi. Imazindikira msanga simu khadi ikasinthidwa mwachinyengo kapena ndalama zikayamba kutuluka m'njira yachilendo. Koma imathanso kutseka akaunti yosalakwa chifukwa choti mwalandira ndalama zambiri tsiku limodzi, ndipo holoselo imene ndalama zake zatsekeredwa masiku atatu singalipire fakitale. Funsani kuti akaunti ikatsekedwa imatsegulidwa pa maola angati. Uzani anyamata anu kuti asatulutse katundu poona uthenga pa foni ya kasitomala. Aone mu akaunti yanu kuti ndalama yalowadi. Ndipo khalani ndi njira ina yolandirira ndalama, chifukwa netiweki imadula, ndipo nthawi zina boma limene limaitseka, monga zinachitikira ku Uganda pa chisankho cha mu Febuluwale 2016 pamene ndalama za pa foni zinayimitsidwa kwa masiku angapo.

Ndiye mulowe bwanji? Choyamba tsimikizani ku banki yaikulu ya dziko lanu kuti amene akubwereketsa ndalamazo ali ndi chiphaso. Nthawi zambiri kampani ya pulogalamuyo si imene ikukongoza, kumbuyo kwake kuli banki kapena bungwe lina, ndipo dzina lake mulidziwe. Chikalatacho chiwerengedwe ndi munthu wodziwa malamulo. Safunsa anadya phula, Mayi, ndipo kampani yoona mtima sikwiya ikafunsidwa. Kenako yesani ndi gawo lochepa la makasitomala, ndipo musasankhe abwino okhaokha. Muikemo odalirika, apakati ndi angapo amene mumawakayikira. Musanaone mapointi a makinawo, lembani m'buku mwanu mmene inu mukumuonera aliyense ndi malire a ngongole imene mukanamupatsa. Lolani kuyesako kudutse nyengo ya malonda otentha ndi nyengo ya malonda ozizira, chifukwa miyezi yabwino yokha imakometsa aliyense.

Pamapeto pake yerekezani. Pamene inu ndi makina munagwirizana palibe zambiri zoti muphunzire. Yang'anani pamene munasiyana: amene makina anamukana inu mukumukhulupirira, ndi amene anamuvomereza inu mukumukayikira. Onani kuti analondola ndani, ndipo chifukwa chiyani. Onaninso ngati maoda akula, ngati ndalama zanu zikubwera msanga kuposa kale, ndiponso ngati mashopuwo akutsala ndi phindu atalipira chiwongoladzanja, zomwe mungazidziwe pongowafunsa eni ake.

Kaya mulowa kapena ayi, chitani izi kuyambira pano. Ndalama za bizinesi zizilowa pa nambala ya bizinesi yokha, osasakaniza ndi za pakhomo, ndipo limbikitsani makasitomala anu, makamaka amayi, kuti azilipira pa nambala yolembetsedwa m'dzina lawo. Buku lanu la maoda ndi ngongole musalisiye, ngakhale pulogalamuyo itakoma bwanji, ndipo mwezi uliwonse muzitsitsa sitetimenti ya akaunti yanu n'kuisunga pamalo anu. Kampani ina ikadzabwera ndi chiwongoladzanja chotsikirapo, kapena banki ikadzafuna umboni wa malonda anu, mudzakhala nawo m'manja.